Mtsuko wa Malemu Nofre

Pali chinthu chimodzi chimene Coloma anatha milungu ingapo osauza munthu, ngakhale bambo mfumu kuseri kwa kansalu kolapira: chotupitsa cha malemu bambo ake anachipha ndi iyeyo. Anachipha ndi madzi a m'ketulo, Lachiwiri masana, a m'nyumba onse ali m'tulo ta pambuyo pa nkhomaliro. Sizinamutengere nthawi yoti munthu n'kumaliza Tikuoneni Maria. Koma mlandu wake unagwera wina, ndipo pamene unkagwa Coloma anali pomwepo, pafupi ndi sikelo, atagwira chingwe chomangira makatoni, ali duu.

Chotupitsacho chinkakhala mumtsuko wadothi, pashelefu ya kuseri kwa uvuni, m'bekale yawo ya m'kamsewu ka kumunsi kwa tchalitchi m'tauni ya Inca, pakati pa chilumba. Bambo Nofre anachilandira kwa bambo awo, ndipo ankachitcha "akulu a pakhomo". Masana aliwonse munthu ankatapamo pang'ono, n'kuthiramo ufa ndi madzi ofunda ngati misozi, n'kuvundula, n'kuvindikira ndi kansalu. Pofika madzulo thovu linkakhala litakwera mpaka m'khosi mwa mtsuko, kafungo kowawasa kali guu.

Chifuwa chitawagoneka a Nofre, uvuni anasiyira Tofol, mwana wawo wamkulu. Makiyi anasiyira mkazi wawo, mayi Tonina. Mtsuko anasiyira Coloma, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

"Akuluwa ndi ako," anatero akupuma movutikira. "Amadya kamodzi patsiku, ndipo salalata ngati amako."

Zaka zinayi Coloma sanadumphitseko tsiku. Kunena zoona, m'bekale monsemo ndi ntchito yokhayo imene ankaitha. Sukulu ya asisitere anaimaliza mwezi wa Juni chaka chachinayicho, ali ndi mphoto ya kulemba bwino ndi manja amene ufa unkawakana. Ensaimada, buledi wa shuga wozinga amene ankaphika m'bekalemo, siifuna munthu wamantha. Ukakanda ufa ndi mazira ndi shuga, umauyala patebulo lamwala, n'kuupaka mafuta a nkhumba ndi chikhatho, kenako n'kuukoka mpaka upyapyale moti zala zizioneka kunsi kwake. Ukatero umaukulunga ngati mphasa, usanduke chingwe chachitali, n'kuchizinga nkhata palata lophikirapo, kusiya timipata toti utupiremo pofika m'mawa. Coloma akangokoka, pakati pankabooka.

"Iwe Coloma, ukupanga ensaimada kapena sefa?" Tofol ankatero, akupukuta thukuta ndi mkono.

Coloma mawu ankamuthera pakhosi kuyambira ali wamng'ono. Ankangotola zong'ambikazo n'kukayang'ana mtsuko wake.

Mwezi wa Seputembala Tofol anabweretsa Elionor, mwana wa a Tarongi okonza mawotchi. Dzina limenelo linali limodzi mwa maina khumi ndi asanu amene mwana aliyense ku Inca ankawaloweza asanaloweze Malamulo Khumi: maina a Ashueta, zidzukulu za Ayuda amene anabatizidwa zaka mazana ambiri zapitazo. Ku Misa ankafika oyamba, nyama ya nkhumba ankadyera pakhomo kuti odutsa aone, koma anthu ankati madzi a ubatizo amatsuka pamphumi, magazi sawafika.

"Atsikana atha mu Inca muno?" anafunsa mayi Tonina tsiku limene anamva nkhaniyo. "Ukufuna zidzukulu zanga azidzazigenda ndi miyala potuluka kusukulu?"

Tofol anati ngati zili choncho apita kumzinda wa Palma, mabekale kumeneko ndi mbwee. Mayi Tonina anayang'ana uvuni, anayang'ana manja a Coloma, n'kumeza malovu.

"Abwere adzaphunzire ntchito. Tione ngati ufa umulole."

Ufa unamulola. Pomatha milungu itatu, Elionor ankakoka ufa wokanda mpaka kudutsa m'mphepete mwa tebulo, ukulendewera ngati nsalu yoyanika, wopanda kabowo ndi kamodzi komwe. Zala zake zinakulira pa timawilo ta mawotchi, sizinkadziwa phuma. Mayi Tonina anamupatulira kapu yakeyake, yothethuka pakamwa, imene ankaitsuka payokha. Elionor anaona, koma ankangomwera momwemo n'kuthokoza.

Ogula nawo sanachedwe. Mayi Apolonia, mkazi wa wosoka nsapato, amene pakamwa pake sipankapuma kuposa makina a mwamuna wake, ankasuzumira kuseri kwa nsalu yotchinga n'kufunsa mokweza:

"Amake Tofol, ija mwandikulungirayi wagwira ndani? Sindikufunsira zoipa ayi, koma ndili ndi mwana wodwaladwala kunyumba."

Chimene chimamuwawa Coloma mpaka lero n'chakuti Elionor ankamukonda. Tsiku lina masana atatsala awiri patebulo, Elionor anaima kumbuyo kwake n'kumugwira m'mikono.

"Usaukoke ngati bulu wokana kuwoloka, mlamu. Unyengerere. Lowetsa zikhatho kunsi, uziyenda nawo pang'onopang'ono. Eya, choncho. Pumanso, iwe, ukomoka!"

Ufa unatambasuka, unatambasukabe, osabooka. Coloma anaona zala zake kunsi kwake ngati nsomba m'madzi oyera. Chimwemwe chinamukwera, ndipo anafuna kubwezako kanthu, koma chimene anali nacho ndi za kusukulu basi.

"Asisitere ankati dzina loti ensaimada likuchokera ku saimu, mafuta a nkhumbawa," anatero motsitsa. "Ndiye kuti chopakidwa mafuta."

Elionor anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Zaka zonse zija m'kalasi kuti akuuze zimene mphaka wa pano akudziwa? Nanga anakuuza chifukwa chake dzinalo limachita kufuula mafuta? Unamvapo buledi wotchedwa wothira mchere?"

Coloma anapukusa mutu.

"Bambo anga amati makolo athu ankaphika buledi wozinga chonchi pa tsiku lawo lopuma, wopanda mafuta a nkhumba. Ndiye itafika nthawi yowotcha Ayuda pabwalo, anayamba kumupaka mafutawa, ambiri, kuti fungo lizituluka pazenera, oyandikana nawo anunkhize n'kunena kuti awa ndi Akhristu enieni. Ngakhale dzina analipaka mafuta. Kaya n'zoona kaya. Bambo anga ndi a mawotchi, si a mabuku."

"Ndiye buledi wa apongozi anga munayambitsa ndinu?"

Anali mayi Tonina, ataima pakhomo la kukhitchini ndi dengu la mazira. Palibe anawamva akubwera.

"Ayi amayi, ndimangocheza ndi mwanayu."

"M'nyumba muno timapaka mafuta chifukwa amakoma. Sitinaopepo munthu ife."

Anaika mazirawo pansi bwinobwino, popanda ndi limodzi lomwe losweka, n'kutuluka. Mayi Tonina mawu sankataya. Ankasunga ngati mmene ankasungira zingwe zakale m'kabati, podziwa kuti tsiku lomangira lidzafika.

Mwezi wa Novembala unalowa ndi kulira kwa nkhumba zophedwa m'makola, ndipo mafuta atsopano anadzaza miphika, oyera ngati thonje. Bambo mfumu analengeza ukwati wa Tofol ndi Elionor koyamba, m'tchalitchi muli kutsokomola kodzipangitsa. Sabata yomweyo kunali Lachinayi Labwino, msika waukulu umene chilumba chonse chimakhamukira ku Inca, ndipo mabanja anali ataitanitsa kale ensaimada zikuluzikulu mazana awiri zodyera ndi alendo.

Lachiwiri pa nkhomaliro, Tofol anagogoda mbale ndi supuni.

"Kuyambira lero akulu a pakhomo azidyetsedwa ndi Elionor. Akhala mayi wa nyumba ino, ayambiretu kuzolowerana. Iwe Coloma upite kutsogolo, uzimanga makatoni. Chingwe sichibooka."

Anaseka yekha.

"Tofol, musiyireni mwana ntchito yake," anatero Elionor.

"Mwana uti? Zaka khumi ndi zisanu, ntchito yake kuvundula phala?"

Coloma anayang'ana mayi ake. Mayi ake ankasenda lalanje, khungu likutsika lozinga, osaduka.

Coloma anaonerera Elionor akutsitsa mtsuko, akuyesa madzi ndi chigongono, akupukuta m'milomo mwake ndi kansalu monga mmene bambo ake ankachitira. Akanalakwitsako penapake, mwina zikanakhala bwino. Sanalakwitse paliponse.

Onse atapita kokagona, Coloma anatsala akutsuka mbale, ketulo ikuwira pamoto. Za kusukulu ankazikumbukira bwino: chotupitsa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, kuzizira kumatigoneka, kutentha kumatipha. Anadziuza kuti angowafooketsa pang'ono akuluwo, ensaimada zituluke zonyentchera, Tofol anene kuti Elionor sadziwa kudyetsa, mtsuko ubwerere kwa mwini wake. Anatsegula kansalu n'kupendeketsa ketulo. Madzi anatuluka ambiri kuposa mmene ankafunira. Kapena ankafuna omwewo, mpaka pano sadziwa. Nthunzi inamumenya kumaso ndi fungo la phala lakupsa. Anathiramo ufa msangamsanga, anavundula, anavindikira, n'kubweza ketulo pamalo pake.

Lachitatu m'mawa Elionor anasuzumira mumtsuko n'kuchita tsinya.

"Amayi, akuluwa sakupuma bwino. Taonani, thovu mulibe. Bwanji tikapempheko china kwa anzathu a kumsika, lero lokha?"

"Ndikapemphe?" anatero mayi Tonina. "Chotupitsa ichi chinatupitsa buledi wa paukwati wanga iwe usanabadwe. Wabwera dzulo, lero ukuchiyeza malungo?"

"N'kuzizira basi," anatero Tofol, maganizo ali pa nkhuni. "Chidzuka chikamva shuga. Tiyeni, nthawi yatha."

Anakanda. Tsiku lonse Elionor anakoka ndi kuzinga, msana osawongola, mpaka malata anadzaza makabati onse. Coloma anadula zingwe mazana awiri zofanana kutalika.

Lachinayi kutacha Tofol anatsegula kabati yoyamba n'kuima ngati wagundidwa. Nkhata zonse zinali mmene anazisiyira, timipata tili yasa, zogona palata ngati njoka zopondedwa ndi ngolo. Kabati yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu. Anaponyabe lata limodzi mu uvuni, kuyesa mwayi. Mafuta onse anachucha n'kuyamba kufuka, ndipo chimene chinatuluka ukanakhomera pansi pa nsapato. Anathamangira kumtsuko. Munali phala lotuwa, madzi atayandama pamwamba, lopanda fungo lililonse.

"Afa," anatero Tofol, mawu ake ngati a mwana. "Amayi, akulu afa."

Kunja msika unali utayamba kale. Nkhosa zinkalira, ogulitsa mipeni ndi zikopa ankaitanira malonda, ndipo mzere wa odzatenga makatoni awo unafika pangodya. Nkhani inayenda mumzeremo mofulumira kuposa moto wa paudzu. Mayi Apolonia analowa mpaka kuseri kwa nsalu, anthu akumutsatira.

"Mayo ine! Zaka makumi asanu chili moyo, nkhondo inadutsa chili moyo. Anachigwira ndani?"

"Dzana ndinachidyetsa ndine," anatero Elionor. "Koma ndinachita zonse bwinobwino, Coloma anaona. Eti mlamu?"

Maso onse anatembenukira kwa Coloma. M'chipinda monsemo ndi iye yekha amene ankadziwa chimene chimapha chotupitsa, za m'buku ndi za m'ketulo zomwe. Lilime linamatirira kumwamba. Anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwake.

"Musamuvutitse mwana," anatero mayi Apolonia. "Si nkhani ya kuchita bwino iyi. Mafuta a nkhumba amadziwa dzanja. Agogo anga ankanena, anthu awa akayandikira mkaka umasasa."

"Ndine wobatizidwa ngati inu nomwe, mayi. Nkhumba ndimadya kuyambira ndili pamsana."

"Pakhomo, anthu akuona. Nanga m'nyumba?"

Anthu anaseka. Apa m'pamene mayi Tonina anatulutsa zimene anasunga zija. Anayenda mosapupuluma, anatsegula mphika wa mafuta atsopano, anatapa chipande chodzaza mafuta oundana, oziziritsa mano, n'kuchiika patebulo lamwala pamodzi ndi supuni.

"Unatiuza wekha kuti makolo ako ankapaka mafuta kuti anthu aone. Anthu ndi awa. Aonetse."

Elionor anatembenukira kwa Tofol.

"Tofol?"

Tofol anali atakumbatira mtsuko wa bambo ake. Sanakweze maso.

"Ingodya, Elionor. Zithe."

Elionor anamuyang'ana kanthawi. Kenako anavula epuloni, anaipinda kanayi, anaiika pambali, n'kutenga supuni. Yoyamba anameza. Yachiwiri inamukanirira m'kamwa, khosi likukwera ndi kutsika. Wina kumbuyo anayamba kuwerenga mokweza, ena n'kumuthandiza ngati ali pa masewera. Zisanu. Zisanu ndi imodzi. Anapala chipandecho mpaka thabwa linaoneka, anaika supuni pansi, anadutsa pakati pa anthu mutu uli chilili. Anafika pakhomo. Pamenepo mimba inamutembenuka, ndipo anagwada m'ngalande, pamaso pa msika wonse.

"Mwaonatu!" anafuula mayi Apolonia. "Pakamwa pamanama, mimba sinama!"

Coloma ankadziwa kuti ngakhale bishopu akanadya chipande chimenecho akanasanza. Ankadziwa. Misozi inkangotsika, koma pakamwa panali potseka.

"Coloma," anatero mayi ake, "katsuke pakhomopo. Tenga madzi otentha, mafuta samva ozizira."

Anatsuka ndi ketulo yomwe ija.

Lamulungu lotsatira bambo mfumu sanalengeze ukwati kachiwiri. A Tarongi anabwera okha kudzabweza mphete, chipewa chili m'manja, n'kupepesa chifukwa cha ufa umene unawonongeka. Ana a sukulu anayamba kupaka mafuta a nkhumba pa chogwirira cha chitseko cha shopu yawo, ndipo m'mawa uliwonse mkuluyo ankatuluka ndi kansalu n'kupukuta, osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Tofol sanapiteko. Anasiya nthabwala, anasiya kumutcha Coloma sefa, ankangokanda ufa ngati akulimbana ndi munthu.

Mayi Tonina anakatenga chotupitsa china kwa msuweni wawo ku Sineu, n'kuchithira mumtsuko wa malemu. Ensaimada zinayambanso kutupa, ngakhale okalamba ankati kakomedwe kaja kanapita.

"Tenga," anatero mayi ake, akumupatsira Coloma mtsuko. "Ndi wako."

Zimene ankafuna zija Coloma anazipeza. Masana aliwonse ankadyetsa mlendo wa mumtsuko, ndipo chakudya chake chomwe chinkamukanika. Loweruka ankagwada kuseri kwa kansalu n'kuulula kuti wanyinyirika potumidwa, waiwala pemphero la m'mawa. Bambo mfumu ankamupatsa Tikuoneni Maria atatu n'kumuuza kuti ndi mwana wabwino.

Patapita milungu itatu, Lachisanu masana, Coloma ankachokera kokasiya makatoni kufupi ndi siteshoni ya sitima ya pamtunda pamene anamva dzina lake. Anali Elionor, atavala chikhoti chakuda, sutikesi ili pamapazi, a Tarongi ataima chapafupi. Anali atawonda, masaya atalowa.

"Ndimadziwa kuti Lachisanu umadutsa pano. Ndikupita ku Barcelona, kutsidya kwa nyanja, kwa azakhali, kukasoka. Sitima ya pamadzi inyamuka ku Palma madzulo ano. Kumeneko akuti dzina langa ndi dzina basi."

Anatulutsa m'thumba kabotolo kokulungidwa mu mpango n'kukaika m'manja mwa Coloma. Kanali kofunda.

"Ndili ndi mlandu ndi iwe. Mwezi wa Okutobala ndinabako kasupuni kamodzi mumtsuko mwako, ndinkafuna ndiziphunzirira kunyumba kuti ndisakuchititseni manyazi. Ndakhala ndikukadyetsa tsiku lililonse. Tatsegula."

Coloma anamasula mpango. Thovu linali litakwera mpaka pachivindikiro. Fungo lija linamulowa m'mphuno, lowawasa, la malaya a bambo ake.

"Miyezi iwiri m'manja mwa Mshueta," anatero Elionor, akumwetulira mbali imodzi. "Akuoneka odwala?"

"Bwanji... bwanji osawaonetsa anthu?"

"Kuti anene kuti ndinaba moyo wa mumtsuko n'kusiya mtembo? Ndadya zokwana, Coloma. Ndipo amene ndinkafuna andikhulupirire popanda kabotolo anati ndingodya zithe." Anamukonza kolala ya diresi. "Ndi za bambo ako izi, si zanga. Usawauze amako kumene zachokera. Ndakupatsa iwe chifukwa tsiku lija ndiwe wekha sunaseke. Ndinakuona, unkalira."

Coloma anatsegula pakamwa. Mawu oulula mlandu wake anali pomwepo, awiri okha, anawamva akukwera. Sitima inaliza wezulo, a Tarongi ananyamula sutikesi, anthu anayamba kukankhana pakhomo la bogi.

"Muyende bwino, alamu," ndi zimene zinatuluka.

"Za alamu zinatha, mwana iwe," anatero Elionor, n'kukwera.

Coloma anayenda pang'onopang'ono, kabotolo kali pachifuwa. Pakhoma la siteshoni anawerenga kuti sitima yotsatira ya ku Palma ndi ya faifi koloko, yokumana ndi ya pamadzi. Anawerenga kawiri.

Mayi ake anawapeza okha kuseri, akusefa shuga woperapera pa ensaimada zozizira. Mayi Tonina anangonunkhiza kamodzi n'kuyang'ana mpangowo.

"Wachitenga kuti?"

"Kwa Elionor. Chili moyo, amayi. Si dzanja lake linapha chija. Amayi, pali zimene ine..."

"Tseka chitseko."

Coloma anatseka. Mayi Tonina anapitiriza kusefa, shuga akugwa ngati fumbi.

"Lachiwiri lija ndinadzuka kudzamwa madzi. Ketulo ndinaipeza yopepuka, mtsuko ukuotcha dzanja. Sindinakufunse, ndipo lero sindikukufunsa."

Coloma anawayandikira.

"Munkadziwa? Ndiye Lachitatu, pamene ankati tikapemphe china..."

"Kuli bwino kutaya ufa wa tsiku limodzi kusiyana ndi kuipitsa magazi a zidzukulu zanga. Ine ndinapemphera miyezi iwiri kuti Mulungu anditsegulire njira, osadziwa kuti njirayo ikutsuka mbale m'khitchini mwanga." Anamuyang'ana koyamba, mwachikondi ndithu. "Unandithandiza, mwana wanga. Chibadwire, ndi tsiku lokhalo limene manja akowo anagwira ntchito."

"Munamudyetsa mafuta aja mukudziwa."

"Ndipo iwe unaonerera ukudziwa. Sitikusiyana, ine ndi iwe. Bweretsa kabotoloko ndikatayire nkhumba. Ukatsegula pakamwa, mchimwene wako sadzakuyang'ananso, anthu a mu Inca adzakuloza mpaka udzakalambe, ndipo mayi udzakhala ulibe. Wamva? Bweretsa."

Anatambasula dzanja loyera ndi shuga. Coloma anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda shelefu ya mtsuko.

Chitseko cha kubwalo chinatseguka ndi phazi. Tofol analowa atasenza thumba la ufa, analitula pansi, n'kuima. Anakweza mutu ngati galu wamva mwini wake kutali.

"Fungo ili," anatero. "Fungo ili ndi la bambo. Lachokera kuti?"

"Palibe kanthu," anatero mayi Tonina. "Mwanayu watola zonyansa kumsewu. Coloma, pita kutsogolo, kuli anthu."

Wotchi ya pakhoma, imene a Tarongi anakonza ulere mwezi wa Seputembala, inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane faifi. Coloma anamva maso a mayi ake pa tsaya lake ngati moto wa uvuni. Lilime linayamba kumatirira monga mwa masiku onse, koma analikoka pang'onopang'ono, mmene anamuphunzitsira muja, osalola kuti libooke. Anatambasula manja onse awiri, kabotolo kali pakati.

"Achimwene," anatero, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankayembekezera, moti ogula kutsogolo anasiya kulankhula. "Elionor sanaphe akulu. Ndinapha ndine. Ndinathiramo madzi owira, ndi manja angawa, ndipo pamene ankadya mafuta aja ndinali chete. Akupita ku Barcelona madzulo ano, koma sitima ya faifi koloko ya ku Palma sinanyamuke."